Chatbot pa Nyumba za Lendi ndi m'Madera a Mzuzu: Mafunso ndi Mayankho

Ndimayang'anira nyumba za lendi zingapo ku Luwinga ndi ku Chibavi. Zina ndi za amalume amene akhala ku Johannesburg zaka zambiri, zina ndi za mayi wina wopuma pantchito amene anabwerera kwawo ku Rumphi. Ndinenso mlembi wa komiti ya m'dera lathu, ntchito yopanda malipiro koma yodzaza ndi mafoni a usiku. Chiyambireni kugwiritsa ntchito chatbot, eni nyumba anzanga, matenanti, ngakhale a block leader akhala akundifunsa mafunso omwewomwewo. Ndawasonkhanitsa pano pamodzi ndi mayankho anga.

Kodi chatbot n'chiyani kwenikweni? Si uthenga wongodziyankha uja wa pa WhatsApp Business?

Ayi, ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pa WhatsApp Business mumalemberatu moni, kapena mawu oti "panopa tatanganidwa, tikuyankhani mawa", ndipo aliyense wolemba amalandira mawu omwewo, kaya wafunsa za lendi kaya wadandaula za chimbudzi. Chatbot ya AI, kutanthauza pulogalamu ya kompyuta yotsanzira nzeru za munthu, imawerenga zimene munthu walemba n'kupanga yankho latsopano pomwepo. Yotchuka kwambiri ndi ChatGPT ya kampani ya OpenAI, imene inatuluka mu Novembala 2022. Palinso Gemini ya Google, Claude ya Anthropic, ndi Meta AI ya kampani ya Meta, eni ake a WhatsApp, imene inafika kuno ku Malawi mu Epulo 2024. Ambiri munangoiona yatulukira yokha mu WhatsApp yanu musanaiitane.

Chofunika kumvetsa ndi mmene imapezera mayankho ake. Inaphunzitsidwa ndi zolemba zambirimbiri, ndiye ikalandira funso imalumikiza mawu amene akuoneka oyenera kutsatana. N'chifukwa chake imalemba mosalala chonchi, ndipo n'chifukwa chakenso imatha kunama osaphethira. Nyumba yanu ya ku Zolozolo siinaionepo. Sidziwa kuti mpopi wa panja umadontha, kapena kuti mlonda amapuma Lamlungu. Pamene simunaiuze kanthu, imatsekapo ndi zongoganizira.

Kagwiritsidwe kake kali pawiri. Mukhoza kuiyika kumbuyo ngati kalaliki: inu mumaifunsa, imakulemberani, mumawerenga, kenako mumatumiza nokha kwa tenanti. Kapena mukhoza kuiyika pakhomo, kuilumikiza ku nambala ya WhatsApp kuti iziyankha anthu yokha inu muli m'tulo. Njira yachiwiriyi imafuna munthu wodziwa za mapulogalamu a kompyuta, imalipiridwa, ndipo mavuto ambiri amene ndifotokoze m'munsimu amachokera kumeneko.

Ndili ndi nyumba zitatu zokha kuseri kwa nyumba yanga. Kodi ndikufunika zimenezi?

Yoyankha yokha, ayi. Tenanti amene mumakumana naye pampopi m'mawa uliwonse angakuoneni odabwitsa atayankhidwa ndi makina. Ya kalaliki ikhoza kukuthandizani polemba pangano la lendi kapena kalata yokweza mtengo.

Amene yoyankha yokha ingawathandizedi ndi eni mahositelo a ophunzira pafupi ndi Mzuni, kumene sabata yotsegulira sukulu foni imalira ngati ya kuchipatala, ndiponso amene amayang'anira nyumba zambiri m'madera osiyanasiyana.

Ndi ntchito ziti zimene imagwira bwino?

Yoyamba ndi mafunso obwerezabwereza. Nyumba ikakhala yopanda munthu, mukangolengeza, tsiku limodzi mumayankha anthu makumi angapo: ili pati, lendi ndi zingati, ili ndi zipinda zingati, ili mumpanda kodi, mita ya ESCOM ndi yayokha kapena yogawana, madzi ali mkati kapena panja, galimoto imafika nthawi ya mvula? Funso lomalizali kuno si lachibwana ayi. Amene anakhalako kumapiri a ku Masasa kapena m'madambo a ku Chibavi akudziwa kuti msewu wa mu Okutobala si womwewo mu Malichi. Mayankho a mafunso amenewa sasintha, ndipo chatbot siitopa nawo.

Yachiwiri ndi kulemba. Ambirife timadziwa chimene tikufuna kunena, koma tikakwiya chimatuluka molakwika. Ine ndimalemba uthenga mmene wabwerera mumtima, kenako ndimaiuza kuti iufewetse koma isachotse tsiku ndi ndalama. Kangapo konse yandipulumutsa ku mawu amene ndikananong'oneza nawo bondo. Imathandizanso kusandutsa zolembalemba za pamsonkhano wa komiti kukhala maminitsi owerengeka, ndi kusanja madandaulo a mwezi wonse kuti ndione kuti ndi nyumba iti imene ikundidyera ndalama za pulambala.

Yachitatu ndi masamu a mabilu ogawana, nkhani imene yadanitsa anthu ambiri mumpanda umodzi. Tinene kuti bilu ya Northern Region Water Board yabwera K48,000, ndipo pa mita imodzi pali mabanja anayi: la anthu awiri, la atatu, la asanu ndi la anthu 6. Mukagawa pakhomo pakhomo, aliyense apereka K12,000. Mukagawa pa mutu, anthu onse ndi 16, mutu umodzi K3,000, ndiye mabanjawo apereka K6,000, K9,000, K15,000 ndi K18,000. Chatbot ikupatsani njira zonse ziwiri mwaukhondo, ndi uthenga wotumiza ku gulu. Koma siingakuuzeni njira yachilungamo pa mpanda wanu. Kodi khanda la miyezi itatu ndi mutu? Amayi ake adzati ayi, koma aneba amene amaona matewera pachingwe tsiku ndi tsiku adzati ndi mitu iwiri. Nanga uja amene amapanga mafirizi ogulitsa, kapena bachela amene amatsuka galimoto Loweruka lililonse? Zimenezi zimakambidwa anthu atakhala pansi. Mukagwirizana, ndiye muiuze lamulolo kuti izitsatira.

Ndipo masamuwo muziwayesanso pa kakyuleta. Nthawi zina imaphonya pa zinthu zimene mwana wa Sitandade 5 sangaphonye.

Kodi imamva Chichewa? Nanga Chitumbuka?

Chichewa imamva ndithu, makamaka cholembedwa bwino. Ikamalemba yokha, nthawi zambiri chimamveka ngati Chingerezi chovala chitenje, ndipo pena imalowetsa mawu a Chinyanja cha ku Lusaka. Kumva mumamva, koma mumadziwa kuti wolembayo si wa kuno. Choopsa kwambiri ndi ulemu. Inandilemberapo uthenga wopita kwa bambo wachikulire, mphunzitsi wopuma, uli ndi mawu oti "ulipire lendi yako". Ndikanatumiza osawerenga, sindikudziwa kuti ndikanawapepesa motani. Muziiuziratu kuti aliyense izimutchula kuti "inu", "bambo", "mayi".

Chitumbuka ndiye chikadali m'mbuyo kwambiri. Ngakhale Google Translate inayamba Chitumbuka mu Juni 2024, pamene Chichewa chinali chitakhalamo kale zaka zambiri. Moni monga "monire adada" kapena "yewo chomene" ikhoza kuyankha bwino, koma nkhani ikazama imayamba kusakaniza ndi Chichewa kapena kupeka mawu. Ndipo mu Mzuzu anthu sitilemba chilankhulo chimodzi. Uthenga umodzi umayamba m'Chitumbuka, pakati Chichewa, kumapeto Chingerezi chachidule, ndipo wa ku Nkhata Bay awonjezeramo Chitonga. Ambiri salemba n'komwe, amatumiza mawu ojambula, kumbuyo kukumveka wailesi ndi tambala. Ngati mukufuna yoyankha yokha, iyeseni kaye ndi mauthenga enieni otere, mutachotsa mayina, musanaipatse anthu.

Ikauza tenanti zabodza, mlandu ndi wa ndani?

Wanu. Tenanti analemba ku nambala yanu, ndipo yankho linachokera ku nambala yanu.

Kunja nkhani yotere inafika kale poweruzidwa. Mu Febuluwale 2024 bwalo lina la ku British Columbia ku Canada linalamula kampani ya ndege ya Air Canada kulipira kasitomala amene chatbot yake inamuuza zolakwika za kuchotsera mtengo kwa munthu wopita kumaliro. Kampaniyo inayesa kunena kuti chatbot ili ndi udindo pa mawu ake yokha, koma bwalo linakana. Mwezi wotsatira, atolankhani anapeza kuti chatbot ya mzinda wa New York, yopangidwira kulangiza amalonda, inkauza eni nyumba kuti akhoza kukana matenanti olipira lendi ndi thandizo la boma, chinthu chimene malamulo a mzindawo amaletsa. Ngati zinachitika kwa anthu a ndalama ndi akatswiri otero, kuli bwanji ife?

Inenso zinandionekera. Titayesa yoyankha yokha pa nyumba ina, mayi wina anafunsa ngati angapereke dipoziti pang'onopang'ono. M'zimene ndinailembera munalibe nkhani imeneyi. M'malo monena kuti afunse mwini wake, inayankha mokoma kuti palibe vuto, akhoza kupereka kawiri. Mayiwo anabwera ndi katundu pa lole, uthengawo uli pafoni ngati umboni. Amalume ku Johannesburg anali atanenetsa kuti dipoziti ndi yathunthu. Ndinachita kuika ndalama zanga kuti mawu asabwerere. Mayiwo analipira bwinobwino, koma mwezi umenewo ndinadya bonya kuposa mmene ndinakonzera.

Ndiye ndiiuze chiyani kuti isapeke?

Lembani pepala limodzi la mpanda wanu, ngati mukulangiza m'bale amene mukumusiyira nyumba mukupita ulendo. Muikemo lendi ya nyumba iliyonse ndi tsiku lolipira, dipoziti ndi mmene imabwezedwera, nthawi yodziwitsana munthu akafuna kutuluka, kagawidwe ka madzi ndi magetsi, nthawi yotseka geti, kotaya zinyalala, za ziweto, za alendo ogona, ndi amene amakonza chiyani. Babu likapsa ndi la tenanti, denga likadontha ndi la mwini nyumba, zotero.

Kenako muwonjezere malire, ndipo apa musaumire mawu. Isalonjeze kuchotsera kapena kuchedwetsa lendi. Isatsimikize kuti ndalama zafika. Isatchule za tenanti wina kwa mnzake. Funso limene yankho lake mulibe m'pepalamo, inene kuti ifunsa kaye woyang'anira, ndipo ipereke nambala yanu. Ngakhale mutatero, sabata zoyamba muziwerenga zokambirana zonse madzulo alionse, chifukwa malangizo imatsatira nthawi zambiri, osati nthawi zonse.

Chodabwitsa chimene ndinapeza n'chakuti kulemba pepalali kunandithandiza kuposa chatbot yeniyeniyo. Malamulo ambiri a pampanda anali m'mutu mwanga mokha, ndipo ena ndinkawasintha malinga ndi nkhope ya wofunsa.

Kodi ingatolere lendi?

Kukumbutsa, inde. Kugwira ndalama, ayi. Lendi ipitirire kudutsa mmene imadutsira: Airtel Money, TNM Mpamba, kapena kubanki. Tenanti akatumiza chithunzi cha uthenga wosonyeza kuti walipira, chatbot ikhoza kuwerenga chithunzicho, koma siingadziwe ngati n'chenicheni. Zithunzi zotere anthu amazikonza. Umboni ndi ndalama imene mwaiona mu akaunti yanu.

Palinso akuba a pafoni. Tonse tinalandirapo uthenga uja woti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi". Tsopano taganizani matenanti atazolowera kulandira mauthenga a lendi kuchokera ku makina. Wakuba akangopeza mayina awo, akhoza kulemba mofanana, n'kunena kuti nambala ya alandilodi yasintha. AI yawachotseranso chizindikiro chimene tinkawagwira nacho, kalembedwe kokhotakhota. Ine ndinauza matenanti onse pamaso, ndipo zili m'pangano, kuti nambala yolipirira siisintha kudzera pa uthenga. Ikadzasintha ndidzabwera ndekha.

Kwa ofuna nyumba: chithunzi chokongola ndi mayankho achangu si umboni woti nyumbayo ilipo. Musatumize ndalama "yogwirira nyumba" musanalowe mkati ndi kuonana ndi munthu amene aneba akumudziwa.

Tenanti wanga wakhala miyezi itatu osalipira. Ndingaifunse chatbot zoti ndichite mwalamulo?

Kufunsa mukhoza, koma yankho lake mulitenge ngati la mnzanu wowerenga kwambiri amene sanakhalepo ku Malawi. Zambiri zimene inaphunzira za malamulo a lendi n'za ku America, ku Britain ndi ku South Africa. Ikhoza kukupatsani masiku a notisi a dziko lina, kapena kutchula gawo la lamulo limene kuno kulibe, italilemba molimba mtima ngati loya. Imathandiza pokonza mbiri ya ngongoleyo mwadongosolo, mwezi ndi mwezi, ndi polemba kalata yaulemu yokumbutsa. Zotsalazo pitani nazo kwa loya, ku Legal Aid Bureau, kapena kubwalo la majisitireti.

Ndipo zija zochotsa chitseko kapena malata kuti munthu atuluke yekha, kaya wakulangizani ndi munthu kaya makina, zisiyeni. Mumayamba muli wodandaula, n'kumaliza muli woyankha mlandu.

Pali china chimene makina sangachione. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anthu ambiri okhulupirika anayamba kuchedwa kulipira. Wina malipiro achedwa kuntchito, wina ali ndi wodwala ku Mzuzu Central, wina wangoika maliro. Chikumbutso chopita chokha pa 5 mwezi uliwonse sichidziwa zimenezi. Uthenga wa lendi wofika pafoni ya munthu ali pasiwa ndi chipongwe chimene sadzaiwala, ngakhale mutafotokoza kuti anatumiza ndi makina. Mukamva zovuta pakhomo la tenanti, chinthu choyamba zimitsani chikumbutso chake, kenako mupite mukapepese.

Nanga zinsinsi za anthu? Ndingaikemo zithunzi za ziphaso za matenanti?

Musatero. Zimene mumalemba mu chatbot zimapita ku makompyuta a kampani ya kunja, ndipo mitundu ina yaulere imatha kugwiritsa ntchito zokambiranazo pophunzitsa makina awo, pokhapokha mutazimitsa nokha pamalo osinthira. Dziko lathu lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, ndipo bungwe la MACRA ndi limene linapatsidwa udindo woliyang'anira. Mwini nyumba amene amasunga mayina, manambala a foni ndi ziphaso za anthu akusunga zinthu za eni ake, ndipo ayenera kuzisamala.

Njira yosavuta ndi kuchotsa mayina. M'malo mwa dzina lembani "Nyumba 3". Masamu ndi makalata zimatuluka chimodzimodzi, dzina mudzaika nokha potumiza. Za matenda a munthu, ngongole zake, kapena mikangano ya m'banja mwake imene mwaimva kudzera pakhoma, zisalowemo n'komwe.

Ndaonanso ena akuika mndandanda wa osalipira pa gulu la WhatsApp la mpanda wonse, chatbot itawakonzera bwino ndi mitundu yofiira. Kukongola kwa tebulo sikuchotsa manyazi a munthu amene mwamuyalutsa pamaso pa aneba ake.

Paipi ikaphulika usiku, kapena khoma likayamba kung'aluka ndi mvula?

Apa chatbot ili ndi ntchito imodzi yokha: kunena kuti "imbani nambala iyi tsopano", ndipo ngati n'kotheka kukudzutsani. Isayambe kufunsa mafunso asanu ndi awiri madzi akulowa m'chipinda. Mukhoza kuilembera malangizo ochepa otsimikizika, monga pamene pali chotsekera madzi pafupi ndi mita, kapena kuti waya wa magetsi wogwa asaukhudze, adziwitse a ESCOM. Manambala a zangozi muwalembe nokha mutawayesa, chifukwa nambala ndi chimodzi mwa zinthu zimene imapeka mosavuta.

Mvula ya ku Mzuzu siithera limodzi ndi ya kumwera. Imapitirira mpaka Epulo, nthaka itakhuta kale madzi, ndipo amene analipo mu Epulo 2016 akukumbukira nyumba zimene zinagwa m'madera a m'mapiri ndi m'madambo. Tenanti akanena kuti mng'alu wa pakhoma wakula, pamafunika maso ndi miyendo, osati uthenga woti dandaulo lalandiridwa.

Ndine wa komiti ya m'dera. Kodi ingatithandize pa zachitetezo, zinyalala ndi misonkhano?

Pa zolemba, kwambiri. Mzinda uno wakula mofulumira. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 220,000, ndipo madera ngati Mchengautuwa, Nkhorongo ndi Lupaso akudzaza nyumba chaka ndi chaka. Makomiti ambiri amayendetsedwa ndi anthu odzipereka amene masana ali kuntchito. Ife imatithandiza kukonza ndandanda ya olondera usiku kuti wina asagwe kawiri sabata imodzi, kuwerengera zopereka za mlonda ndi zokonzera kamlatho, ndi kulemba kalata yopita kwa khansala kapena ku Mzuzu City Council yonena za ngalande yotsekeka. Kalata imene kale inkatitengera misonkhano iwiri tsopano imatha usiku umodzi, ndipo imatchula malo, vuto ndi pempho momveka.

Gulu lathu la WhatsApp limatha kukhala ndi mauthenga mazana tsiku limodzi, theka lake mavesi ndi malonda a mazira. Kuchotsamo mfundo zenizeni ndi ntchito imene chatbot imaichita msanga. Koma mufunse kaye gulu ngati likulola, popeza mawuwo ndi a anthu.

Pamene sindiilola kufika ndi pa kuweruza. Mkangano wa malire a puloti, mbuzi zodya chimanga cha mneba, mnyamata amene akumuganizira kuti ndiye akuba mabatire: zimenezi ndi za a block leader, akuluakulu ndi apolisi. Munthu akalemba pa gulu kuti "AI yanena kuti wolakwa ndi uje", dziwani kuti waifotokozera mbali yake yokha, ndipo makinawa amakonda kuvomereza amene akuwafunsa. Pa nkhani ya wakuba n'zoopsa zedi, chifukwa mphekesera ikavala chovala cha kompyuta anthu amaikhulupirira msanga, ndipo tikudziwa kumene mkwiyo wa gulu umathera.

Uthenga wa maliro nawonso ndimalemba ndekha. Mayina a malo, ubale wa omwalira ndi ofedwa, tsiku lonyamuka kupita ku Mzimba kapena ku Karonga, zonsezi zikalakwika pang'ono anthu amakwera galimoto yolakwika. Komanso anamfedwa amamva ngati mawuwo achokera mumtima kapena ayi.

Nanga amene alibe foni ya intaneti?

Ndi ambiri, ndipo ena mwa iwo ndi matenanti okhulupirika kwambiri. Agogo amene ali ndi kafoni ka mabatani, kapena mayi amene bandulo amagula pokhapokha akafuna kulankhula ndi mwana wake, asamve nkhani mochedwa chifukwa choti inu mwapita patsogolo. Chidziwitso chilichonse chofunika chipitenso pa SMS, papepala la pageti, kapena pakamwa. Magetsi akazima tsiku lonse mafoni amathima, netiweki imavuta, ndipo kabuku ka malisiti kokhala ndi kaboni kamagwirabe ntchito.

Zimadya ndalama zingati?

Ya kalaliki mukhoza kuyamba ndi yaulere, mtengo wake ndi bandulo basi, ndipo mauthenga olemba sadya kwambiri. Mitundu yolipira imalipiridwa mwezi ndi mwezi m'madola, zimene kuno zimafuna khadi la kubanki lololedwa kugula kunja, ndipo ndalama zakunja mukudziwa mmene zikuvutira. Yoyankha yokha ili ndi mitengo itatu: wokupangirani, kampani ya AI, ndi Meta pa mauthenga ena a bizinesi. Wina akabwera kudzakugulitsani, mufunseni kuti mwezi uliwonse muzilipira zingati ndipo m'ndalama yanji, zokambirana za matenanti zikusungidwa kuti, ndipo iye akadzasowa nambala ndi zolemba zanu zidzatsala m'manja mwa ndani. Akayamba kuzungulira pa funso lachitatuli, musasaine.

Kodi tenanti adziwe kuti akulankhula ndi makina?

Inde, kuyambira uthenga woyamba, ndipo auzidwe mmene angapezere munthu. Ena amaipatsa dzina la munthu kuti izioneka yaubwenzi. Tsiku limene tenanti adzazindikire kuti "mlongo" amene wakhala akumudandaulira za mavuto ake ndi pulogalamu, chikhulupiriro chake pa inu chidzathera pomwepo.

Matenanti nawonso akuigwiritsa ntchito, musadabwe. Wophunzira wina anandibweretsera pangano lathu atalemba mizere pansi pa mfundo zitatu zimene chatbot inamuuza kuti n'zosamveka. Pa ziwiri inkanena zoona. Mfundo ya dipoziti sinkatchula kuti ibwezedwa pakapita masiku angati, ndipo ndinaikonza.

Mwini nyumba ali kunja. Kodi angasiye zonse m'manja mwa chatbot n'kuchotsa woyang'anira?

Funsoli amalume anandifunsa okha, moseka koma osaseka kwenikweni. Ndinawayankha kuti ayese. Chatbot idzalandira dandaulo loti thanki ya chimbudzi yadzaza, idzapepesa bwino kwambiri, idzalemba m'kaundula. Kenako pafunika wina woti akapeze galimoto yopopa, akambirane mtengo, aime pomwepo kuti aone kuti apopadi yonse. Pafunika wodziwa kuti pulambala uyu ndi waluso koma ukamupatsa ndalama zonse asanayambe sumuonanso mpaka Lachiwiri. Pafunika wokwera padenga mwezi wa Okutobala kukaona misomali mvula isanabwere, ndi wokalipira msonkho wa nyumba kukhonsolo.

Chimene chasintha kwa amalume n'chakuti lipoti la pamwezi tsopano limafika pa nthawi yake, lili ndi zolowa, zotuluka ndi zithunzi za malisiti, pamene kale ndinkawatumizira mawu ojambula a mphindi 9 amene sankawamaliza. Madobadoba a nyumba ndi amene mwina angamve kutentha, makamaka aja amene ntchito yawo inali kungodziwa kuti nyumba yopanda munthu ili pati n'kulipiritsa yoonetsa. Koma amene amayenda nawe mpaka pakhomo, n'kukunong'oneza kuti kuseriku kuli bala imene imaimba mpaka 3 koloko m'mawa, adzadyabe.

Ndikufuna kuyesa. Ndiyambire pati?

Tengani bilu ya madzi ya mwezi watha, imene munaigawa kale ndipo yankho lake mukulidziwa. Ipatseni chatbot manambala okhaokha, popanda mayina, muone ngati ifike pamene munafika inu. Kenako iuzeni ilembe uthenga wodziwitsa matenanti m'Chichewa, muuwerenge mokweza ngati mukuuza mayi wachikulire wa m'nyumba ya pakona. Pamene lilime lanu lakana, konzani, ndipo muiuze chifukwa chake. Chitani zimenezi mwezi wathunthu muli kumbuyo, musanaganize zoipatsa nambala yoti iziyankha yokha.